Madimba a m'Makomboni a Lusaka

Pamene Boma la Northern Rhodesia linasamutsa likulu lace kucoka ku Livingstone kudza ku Lusaka m'caka ca 1935, linatsata mapulani amene Professor Adshead anajambula m'caka ca 1931. Mwa mapulaniwo, Lusaka unayenera kukhala mzinda wa mitengo ndi maluwa. Koma maluwawo anali a mabwalo a Azungu. Anthu akuda amayesedwa alendo odzagwira nchito kanthawi, ndipo palibe anaganiza kuti adzafuna polima.

Nyumba za Kanselo, monga za ku Matero, sizinakwanire onse. Cotero ambiri anamanga pa mafamu a Azungu, ndipo makomboni monga George, Chawama ndi Kalingalinga anakula. Linda, wa kumwera kwa mzinda cakufupi ndi Chilanga, anakulanso ndi anthu osowa malo m'tauni. Anthuwa anadza ndi makasu ao ndi mbeu za kwao.

Nchito ya kadimba imatsata nyengo. Mvula ikagwa m'November, amai amabzala cimanga, maungu ndi nyemba kuseri kwa nyumba. Pofika January ndiwo za cibwabwa ndi delele zacuruka, ndipo m'March ana amaocha dowe pa mbaula. Masamba otsala amawafutsa kuti akhale mfutso. M'nyengo yozizira amabzala repu ndi matimati, nathirira ndi madzi otsukira mbale. M'October, dzuwa likaŵaŵa, ndowa iriyonse ya madzi imaŵerengedwa.

Akuluakulu a mzinda sanakonde madimbawa. Kwa zaka zambiri anchito a Kanselo amacheca cimanga cisanace, ponena kuti cimasunga udzudzu. Ngakhale zinali tero, eni ace amabzalanso mvula yotsatira. Lamulo la 1974 linalola kuti makomboni ena azindikiridwe ndi Boma, ndipo munthu amene sanaopenso kugwetsedwa kwa nyumba yace analimba mtima kubzala mango ndi mapapaya.

Mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, zakudya zinakwera, kufikira zipolowe za ufa za 1986 ku Copperbelt ndi za 1990 mu Lusaka. M'zaka zimenezo kadimba kanadyetsa mabanja ambiri, ndipo mai wothyola ndiwo pakhomo pace anali nazo zogawirako mnansi wace. Mbali yaikuru ya munda umene Adshead anaulemba pa pepala inalimidwa ndi anthu amene mapulani ace sanawapatse malo.