Batani Lofufutira Lomwe Linkakana Kufufuta

Mkangano wa batani lofufutira unayambira pa pepala. Makina a Teletype Model 33, omwe anatuluka mu 1963, ankasunga uthenga pa tepi ya pepala yobooledwa timabowo, ndipo bowo likabooledwa silitsekekanso. Wolemba akalakwitsa chilembo ankabweza tepiyo m'mbuyo n'kuboola mzere wonsewo, kuti makina owerenga akangodumphapo. N'chifukwa chake mu ndondomeko ya ASCII, yopatsa chilembo chilichonse nambala yake, kufufuta kunapatsidwa nambala 127, pomwe kubwerera m'mbuyo kunali pa 8. Sikirini italowa m'malo mwa pepala, ntchito ziwirizi zinasanduka imodzi, koma panalibe wogamula kuti nambala yotsala ikhale iti.

M'maofesi mavutowa ankapiririka, poti makina ambiri ankagulidwa kwa kampani imodzi. Zinafika povuta makompyuta atalowa m'nyumba za anthu. Mu 1978, Ward Christensen ndi Randy Suess anatsegula CBBS ku Chicago, kompyuta yomwe anthu ankaiimbira pa lamya kudzera pa modemu n'kusiyirana mauthenga. Posakhalitsa makina osadziwana anayamba kulankhulana, aliyense ndi chinenero cha kwawo.

Commodore 64 ya mu 1982 ndiyo inali yamakani. Inali ndi ndondomeko yakeyake, PETSCII, momwe batani lofufutira limatumiza 20, nambala yomwe kwa kompyuta ya ASCII sinkatanthauza kufufuta m'pang'ono pomwe. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono nazo zinali zosemphana: pulogalamu ikapanda kumasulira, "Hello" wochokera kwina ankaoneka "hELLO". Choncho pulogalamu iliyonse yoimbira inkayenera kukhala ndi kandandanda kosinthira manambala polowa ndi potuluka, ndipo wolemba pulogalamu akaiwala batani limodzi, wovutika anali mwini kompyuta. Apple II ya mu 1977 inalibe n'komwe zilembo zazing'ono, ngakhale mivi yolozera m'mwamba ndi m'munsi. Izi zinadzabwera mu 1983 ndi Apple IIe.

IBM PC ya mu 1981 inasankha 8, pomwe VT220 ya kampani ya DEC, ya mu 1983, inkatumiza 127. Ukaimbira kompyuta ya Unix yoyembekezera 127, iwe n'kudina batani lako lotumiza 8, cholakwikacho chinkangokhala pomwepo, patsogolo pake pakutuluka ^H^H^H. Mu pulogalamu ya Emacs zinali zoseketsa kwambiri: nambala 8 ndi yofanana ndi Ctrl-H, yomwe kumeneko imaitana chithandizo, ndiye wofuna kufufuta ankangoona pulogalamu ikumufunsa kuti akufuna thandizo lanji.

Mankhwala ake anali ongozigamba. Kermit, pulogalamu ya ku Columbia University, inkalola munthu kuuza batani lililonse choti litumize, ndipo a Unix analoweza lamulo la "stty erase". Makompyuta ambiri a Linux anadzagwirizana pa 127, nambala ya tepi ija. Komabe PuTTY, pulogalamu yomwe anthu amalumikizira ma seva lero lino, idakali ndi malo ofunsa kuti batanili litumize Control-H kapena 127.