Dzuwa likawala n'zina, likatentha n'zinanso

Ogulitsa masola pa Ntcheu boma ndi pamsika wa Lizulu ali ndi kalankhulidwe kamene kayamba kumera mizu: "Tengani iyi bambo, dzuwa likaswa mtengo imatchaja koopsa." Ena afika polemba pazikwangwani kuti magetsiwa ndi "oyendera kutentha kwa dzuwa". Chichewacho n'chosalala m'khutu, koma chikunama, ndipo bodzalo likudyera anthu ndalama.

Gwero lake ndi mawu akuti dzuwa, amene kwathu kuno amasenza katundu wambiri. Tikati "dzuwa latuluka" tikunena chowala chakumwambacho. Mayi akati "chotsani mwana padzuwa" akuopa kutentha. Mlimi wa ku Bwanje akati "chaka chino kwachita dzuwa" akulira ng'amba. Onsewa sanalakwe. Koma pa nkhani ya sola tiyenera kusankha, chifukwa chimene chimasanduka magetsi m'timagalasi takudato ndi kuwala. Kutentha kumangobwera nako limodzi, ndipo kumafooketsa sola.

Mawatsi olembedwa kuseri kwa sola amayezedwa solayo ili pa madigiri 25. Ikapitirira apo, masola ambiri amataya pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu pa digiri iliyonse. Sola yogonekedwa mwachindunji pamalata masana a Okutobala ku Sharpevale kapena ku Kasinje ingathe kufika madigiri 65. Werengani nokha: yolembedwa mawatsi 100 ipereka 84, pamene mwiniyo analipira ya 100. Batire nayo ikasungidwa m'kachipinda kotentha imakalamba msanga, ndipo batire ndiyo imapweteka m'thumba.

Amene anamva "kutentha" amaiona sola ngati ufa woyanika pamkeka, choncho amaimata pamalata pomwe pamaotcha, osasiya mpata woti mphepo idutse kunsi. Akanamva "kuwala", akanafunsa zina: kodi mthunzi wa mango uja ufika nthawi yanji, nanga fumbi la m'chilimwe tidzapukuta kangati?

Ku Tsangano, kwa alimi a kachewere, ndamvapo anthu akukayika kugula pampu ya sola ati poti kwawo n'kozizira. Kuzizirako n'kokomera sola. Mdani wawo ndi nkhungu ndi mitambo ya mu Juni ndi Julayi, pakuti imatchinga kuwala.

Wina adzati, nanga bwanji JCM Power inamanga siteshoni ya mamegawatsi 20 ku Golomoti, m'boma la Dedza, kumene kumatentha chonchija, n'kuyamba kupereka magetsi mu 2022? Kumeneko kuthambo kumayera masiku ambiri, malo ndi athyathyathya, ndipo mawaya a ESCOM ali pafupi. Kutenthako amangokupirira, ndipo akatswiri amakuwerengera ngati chotayika. Onani mmene anawaimikira masolawo: pamwamba pa zitsulo, mphepo ikudutsa pansi.

Tsono "magetsi a dzuwa" ndilibe nawo mlandu, ndi mawu aafupi ndipo sanamiza munthu. "Mphamvu ya dzuwa" ndi obisa pang'ono, koma apite. Pofotokozera wogula, pophunzitsa ana kapena polengeza pawailesi, tizinena kuti sola imayendera kuwala kwa dzuwa. Mawu aja akuti "choyendera kutentha kwa dzuwa" ali ndi mwini wake, ndiye giza ya padenga yotenthetsa madzi osamba m'malo ogona alendo, imene situlutsa magetsi oti n'kuyatsa ngakhale babu limodzi.