Tsalani ndi Bruno: mbiri ya agalu awiri pabwalo la agogo ku Ndamera

Pabwalo la agogo anga ku Ndamera pali agalu awiri amene ndikufuna muwadziwe. Wina ndi Bruno, chigalu chamutu ngati mtondo, chimene chikaimirira ndi miyendo yakumbuyo chimandifika m'mapewa. Winayo ndi Tsalani, kagalu kakakazi kofiirira, kowonda m'chiuno, kamakutu osongoka ndi mchira wopiringizika, koti mutakumana nako pamsika wa ku Marka simungakayang'ane kawiri. Anzanga akabwera kudzacheza amathamangira kujambula Bruno kuti aike pa WhatsApp. Tsalani palibe anamujambulapo. Ndiye lero ndati ndilembe za iyeyo, chifukwa pa awiriwa amene ali ndi mbiri yaitali ndi wamng'onoyu, ndipo mbiriyo inatsala pang'ono kuthera m'manja mwanga.

Ndiyambe ndi dzinali. Kumudzi galu sapatsidwa dzina lopanda tanthauzo. Munthu akakhala ndi mawu oti auze mnansi wake koma sakufuna mlandu, amawapachika pa galu, n'kumaitana mokweza madzulo alionse kuti "Ndatani! Ndatani!" mpaka mwini nkhani amve. Dzina la Tsalani lilibe chipongwe chotero. Ndi mawu otsanzika, ndipo analankhulidwa mu 1994.

Amene munabadwa pambuyo pake mwina simudziwa mmene kunalili kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Mu 1986 nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo inafika poipa m'zigawo za Tete ndi Zambezia. Tauni ya Mutarara itagwa, anthu anakhamukira kuno kudzera ku Marka ndi m'tinjira tam'tchire. Pofika 1992 dziko la Malawi linali likusunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo m'boma la Nsanje alendo anachuluka kuposa eni nthaka. Ambiri anakhala m'misasa ngati wa Mankhokwe, koma ena anangolowa m'midzi, poti Chisena n'chimodzi tsidya lino ndi tsidya linalo. Agogo analandira banja lina kuseri kwa nyumba yawo. Bambo wa banjalo anafika ndi khasu lopanda mpini, mphika umodzi, ana atatu ndi galu wamkazi amene anawatsata ulendo wonse.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu anayamba kubwerera kwawo pang'onopang'ono. Banja lija linanyamuka mu 1994. Pa lole imene anakwera panalibe malo a galu. Bamboyo anamangirira galu wake pamtengo wa msawu, n'kuuza agogo kuti atsale naye mwanambwayo, ndiye galu pa Chisena. Kuyambira tsiku limenelo, galuyo akaswa ankasiyapo kamwana kamodzi kakakazi, ndipo mayi akamwalira, mwanayo amatenga dzina. Tsalani wa lero ndi wachisanu ndi chimodzi.

Nditayamba kuwerenga za agalu ndinapeza kuti zaka 30 zimenezi n'kachidutswa chabe. Galu sanayambire mu Africa muno. Makolo ake ndi mimbulu ya ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo analowa kuno kudzera ku Egypt, kumene mafupa a agalu oweta apezeka a zaka zoposa 6,000 zapitazo. Kuchokera kumeneko anatsika chakumwera pang'onopang'ono, ndipo mbali yathu ino anafika limodzi ndi alimi osula zitsulo. Ofukula zakale anapeza mafupa a galu pamalo otchedwa Diamant, pafupi ndi mtsinje wa Limpopo, a cha m'ma 570. Taganizani: kuti afike ku Limpopo anayenera kuwoloka kaye Zambezi. Ndiye kuti galu wamtundu wa Tsalani anali kale m'zigwa zino ufumu wa Lundu usanadzuke, Apwitikizi asanamange ku Sena m'zaka za m'ma 1500.

Ku South Africa agalu amenewa amawatcha Africanis, ndipo mu 1998 kunakhazikitsidwa bungwe lowateteza. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti palibe munthu anakhala pansi kuwasankhira maonekedwe. Anawasankha ndi dzuwa, nkhupakupa, njala ndi ntchito. Amene sanathe kupirira anafa, otsalawo ndi awa timawaona akugona pamphepete pa msewu. Ntchito yawo inali uzimba, kuvumbulutsa ntchenzi m'madimba, kupirikitsa anyani ndi nguluwe m'minda ya mapira, ndi kuuwa fisi akazungulira khola. Malipiro ake mkute ndi minga ya nsomba basi.

Agalu achilendo anabwera mochedwa kwambiri, ndipo choseketsa n'chakuti mmodzi mwa oyamba kulembedwa m'mabuku anali wamng'ono. Pa ulendo wake womaliza, umene unayamba mu 1866 n'kudutsa kumwera kwa nyanja ya Malawi, David Livingstone anali ndi kagalu kaubweya kotchedwa Chitane. Iye analemba kuti kankathamanga kuchoka kutsogolo kwa mzere wa onyamula katundu mpaka kumbuyo, n'kumapirikitsa agalu a m'midzi imene ankafikamo. Kanamira mu Januwale 1867 powoloka dambo lamadzi m'dziko limene lero ndi Zambia. Kenako anabwera atsamunda, amishoni ndi eni maesiteti, aliyense ndi galu wake, ambiri akudutsa pa Port Herald, dzina lakale la Nsanje. Ku Bulawayo mu 1922 azungu analemba malamulo a maonekedwe a galu wosakira mikango wotchedwa Rhodesian Ridgeback, amene ali ndi magazi a agalu akale a kuno komwe. Apolisi anabweretsa ma Alsatian. Ku South Africa alimi anali ndi Boerboel, chigalu cholondera mafamu cholemera makilogalamu oposa 60, ndipo bungwe la oweta mtunduwu linayamba mu 1983. M'matauni mwathu mipanda ya njerwa itachuluka, agalu akuluakuluwa anasanduka chizindikiro cha munthu wopeza bwino. Apa m'pamene tinaphunzira kunena kuti "galu wachizungu" ndi "galu wachikuda", ndipo nonse mukudziwa kuti mwa mawu awiriwa lonyoza ndi liti.

Bruno anafika mu 2021. Achimwene atabwera kuchokera ku Joni anapeza kuti akuba atsegula khola n'kutenga mbuzi zinayi usiku umodzi. Anakwera basi kupita ku Blantyre, n'kubwerako ndi kamwana ka Boerboel kosakanizika, kamene mtengo wake unali wokwana mbuzi zina zitatu. Miyezi yoyamba zinali bwinobwino. Tsalani ankakalamula ngati mwana wake, akakwiya n'kukagwira pakhosi, iko n'kugona chagada. Koma mwana wa Boerboel amakula ngati nthochi yam'dimba. Pofika miyezi khumi anali atamuposa Tsalani katatu, ndipo ife sitinasinthe kalikonse. Tinkawapakulirabe m'beseni limodzi ngati kale. Tsiku lina madzulo amayi anathira nsima ya madeya ndi mitu ya mlamba, Tsalani n'kuyamba kudya monga mwa masiku onse. Tinangomva phokoso. Pamene tinkawaleretsa ndi ndowa ya madzi, phewa la Tsalani linali litang'ambika.

Usiku womwewo achimwene anati, "Agogo, kagalu aka tingokapereka kwa ena. Bruno yekha akwanira."

Agogo anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa, "Iwe, pa awiriwa amene anapeza mnzake pano ndani?"

Nkhani inathera pomwepo, ndipo m'mawa mwake agogo anaika malamulo amene mpaka lero sitiphwanya. Aliyense mbale yake. Tsalani amadyera kukhitchini ndipo amayamba ndiye, pamene Bruno amadya atamangidwa pamsawu paja, n'kumasulidwa mbale zonse zitachotsedwa. Fupa siliponyedwa pakati pawo, ngakhale pa Khirisimasi. Pansi pa khola la mbuzi, lija lam'mwamba lamitengo, agogo anatchinga ndi nsungwi n'kusiya kabowo koti Tsalani yekha ndiye angalowe, kuti zikavuta akhale ndi kothawira. Ana analetsedwa kuwayambanitsa kapena kunyamula wamng'ono pamaso pa wamkulu. Kwa miyezi iwiri sitinawasiye okha popanda munthu wamkulu pakhomo.

Zinatheka ndithu. Lero usiku ntchito amagawana okha. Amene amamva msanga ndi Tsalani. Iye akangouwa kawiri, Bruno amadzuka n'kutulutsa liwu lija lomveka mpaka kumsewu, ndipo chifikireni iye mbuzi sinabedwenso. Achimwene sanalakwe kumugula. Koma ikafika Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 40, Bruno amangoti lilime panja pansi pa mtengo, ife n'kumamuthira madzi, pamene Tsalani amakumba kadzenje pamthunzi n'kugona ngati palibe kanthu. Nkhupakupa zinamudwalitsapo Bruno kawiri, mpaka kugula mankhwala ku Boma. Tsalani chibadwireni sanalowepo m'thumba mwa munthu.

Tsopano ndinene chimene chandichititsa kulemba zonsezi. Ngozi yaikulu ya galu wamkulu ndi wamng'ono pakhomo limodzi si ndewu ayi. Ndewu imamveka, mumathamanga n'kuleretsa. Ngozi yeniyeni imabwera mwakachetechete, wamkazi ikafika nyengo yake yofuna mwamuna. Anthu ambiri ankabwera kwa achimwene kudzapempha kuti Bruno akwere agalu awo, poti ana osakanizika amagulika. Alangizi a ziweto anatichenjeza kuti wamkazi akakhala wamng'ono kwambiri, ana amitu ikuluikulu amatha kukanirira pobadwa, ndipo kopangira opaleshoni ya galu ndi ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Anatiuza kuti timutsekere wamkaziyo kwa masabata atatu athunthu.

Mu 2022 tinali ndi mwana wa Tsalani, wa chaka chimodzi, amene ankayembekezeka kudzatenga dzina. Nyengo yake itafika tinamutsekera m'khitchini. Tsiku lina masana ndinalowamo kukatenga foni imene ndinaisiya pa sola, ndikutuluka maso ali pa foni, osakoka chitseko. Ndi ineyo, palibenso wina. Galu amatenga bere masiku pafupifupi 63, ndipo masiku onsewo ndinkadzinamiza kuti mwina sizinagwire. Usiku wake utafika anavutika kuyambira chakumadzulo mpaka tambala woyamba. Agogo anakhala naye pamphasa ndi tochi, akumusisita pamimba. Kutacha anali atafa, ana ali m'mimba.

Agogo sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Tikukwirira kuseri kwa khola anangoti, "Bambo uja akadzabwera kudzafunsa galu wake ndidzamuonetsa chiyani?" Bamboyo sitinamvepo za iye chichokereni mu 1994, ndipo mwina anamwalira kalekale. Koma kwa agogo galuyu ndi wosungitsidwa.

Tsalani anali atayamba kale imvi pamphuno. Tinali ndi mwayi umodzi, mwina uwiri. Nyengo yake itafika chaka chotsatira, patangopita miyezi yochepa chichitikireni namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, ndinamuika m'dengu panjinga n'kupita naye kwa amalume, kumene kuli galu wamwamuna wosaka wamsinkhu wake. Kumupeza galu woteroyo sikunali kophweka monga ndinkaganizira. M'midzi yam'mbali mwa msewu agalu ambiri aang'ono tsopano ndi osakanizika, amitu ikuluikulu ndi makutu ogwa. Palibe mfumu kapena boma linalamula kuti galu wakale athe. Akungotha yekha, khomo ndi khomo, aliyense akufuna kamwana kooneka kachizungu. Tsalani anaswa ana atatu. Awiri tinapatsa anthu amene tikudziwa kuti amasaka, kakakazi n'kutsala. Pano tikungokatcha Kamwana, kudikira nthawi yake, ndipo chitseko cha khitchini ndinachiikira loko ndi ndalama zanga.

Mwezi wathawu kunali katemera wa chiwewe, ndipo tinapita nawo onse atatu, Bruno ali pa tcheni, enawo akungotsata. Ndinadabwa kuona kuti mlingo wa katemera ndi umodzimodzi, wa chigalu cha makilogalamu 50 ndi wa kagalu konyamula m'manja. Chiwewe sichiona msinkhu, ndipo akatswiri amati pafunika kubaya agalu 70 mwa 100 alionse kuti chileke kufala m'dera. Wolemba makadi atafika pofunsa mtundu, kwa Bruno analemba "Boerboel" mosamala, kwa Tsalani n'kungolemba "local" osamuyang'ana n'komwe. Sindinatsutse, chifukwa sananame. Ndi wakuno ndithu, kuposa wina aliyense amene anali pamzerewo.

Ngati kwanu mukufuna kubweretsa galu wamkulu pakhomo pamene pali kale wamng'ono, bweretsani, palibe choletsa. Koma mugule mbale ziwiri, mukonze kothawira wamng'onoyo, ndipo chitseko muzikoka. Ndipo musanamupereke kwa ena uja mumamutcha wachikudayu, mufunse kaye agogo anu kuti anachokera kuti. Ine ndinafunsa mochedwa, nditakumba kale dzenje kuseri kwa khola.