Mmene Chuma Chinasamukira ku Sandton

Golide atapezeka mu 1886, mzinda wa Johannesburg unamera pafupi ndi migodi, ndipo kwa zaka zambiri ndalama zinkagona pakati pa tauni. Mabanki, malikulu a makampani a migodi ndi masitolo akuluakulu, zonse zinali kumeneko. Kumpoto kwa mzindawu kunali mafamu ndi timinda komwe azungu opeza bwino ankaweta akavalo.

Mu 1969 dera la kumpotoli linapatsidwa khonsolo yakeyake n'kutchedwa Sandton. Mu 1973 kampani ya Rapp and Maister inatsegula Sandton City, chinyumba cha masitolo ambirimbiri pansi pa denga limodzi. Chaka chomwecho m'tauni munatsegulidwa Carlton Centre ya nsanjika 50, ndipo aliyense woiyang'ana akananena kuti tauni sidzagwedezeka.

Koma galimoto inali itasintha kale makhalidwe a anthu. Ku Sandton malo anali otchipa, poimika galimoto panali pambalambanda, ndipo msewu waukulu wa M1 unkadutsa pafupi. Maofesi anayamba kulondola masitolo. Tisabise mawu: tsankho nalo linakankha. Malamulo a ziphaso atathetsedwa mu 1986, kenaka lamulo logawa malo okhala potengera khungu mu 1991, anthu akuda analowa m'tauni mwaufulu, ndipo eni chuma ambiri ananyamula katundu. Umbanda umene ankadandaula unalipodi, koma kuthawa kwawoko kunasiya nyumba zopanda ozisamala, mavuto n'kukula. Hotela yotchuka ya Carlton inatsekedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2000 msika wa masheya wa JSE unachoka pa Diagonal Street kupita ku Sandton, nkhani n'kuthera pomwepo.

Sitima ya Gautrain inalumikiza Sandton ndi bwalo la ndege la OR Tambo mu 2010, ndipo mu 2019 nyumba ya The Leonardo ya ku Sandton inaposa Carlton Centre kutalika.

Kutsidya kwa M1 kuli Alexandra, komboni yomwe inayamba mu 1912, Sandton kulibe. Alonda, okonza m'maofesi ndi ogulitsa m'masitolo ambiri amachokera kumeneko, ena akuyenda wapansi mbandakucha. Chuma chinasamukira pakhomo pawo penipeni, koma mabanja ambiri a ku Alexandra akugonabe m'zisakasa za malata.