Timipeni ta Kachirombo ka Malungo

Othyola tiyi a ku Nchilamwela, m'boma la Thyolo, amadziŵa khalidwe la malungo: lero munthu anjenjemera, maŵa apezako bwino nanyamula dengu, mkuja agwanso. Panapita zaka zambiri chisanadziŵike chochititsa zimenezi.

Bishopu Mackenzie atamwalira ndi malungo mu 1862, pafupi ndi mathiriro a Ruo mu Shire, Azungu ankaloza chala mpweya woipa wa m'madambo. Mu 1880 dotolo wa ku France, Alphonse Laveran, anaona kachirombo m'magazi a wodwala ku Algeria, ndipo mu 1897 Ronald Ross anakapeza mu udzudzu ku India. Kunadziŵikanso kuti kachiromboka kamaswana m'selo lofiira la magazi kwa masiku aŵiri, kenaka selolo liphulika, ana ake namwazika kukaloŵa m'maselo ena. Kunjenjemera kuja kumadza pa kuphulikako.

Nanga kamaloŵa bwanji m'selo lopanda khomo? Mu 1975 James Dvorak ndi Louis Miller ku America anajambula kanema wa kaloŵedweko, ndipo ntchito yonse inkatha mphindi imodzi isanakwane. Pambuyo pake kunapezeka kuti kachirombo kali ndi timipeni take, totchedwa ma protease, todula mapuloteni. Mu 2007 gulu la Michael Blackman ku London linasonyeza kuti kampeni ka SUB1 kamathandiza kung'amba selo lakale. Ndikonso kamasema chikopa cha kachirombo kuti kathe kugwira selo latsopano. Kena, SUB2, kamameta chikopacho pamene kachirombo kakuloŵa, monga njoka ifundula. Mu 2017 kunaoneka kuti SUB1 sadula kanthu asananoledwe ndi mnzake, plasmepsin X. Mpeni wonola mpeni!

Nkhaniyi ikukhudza aliyense wa m'midzi ndi m'makomboni a m'maesiteti, pakuti kachiromboka kamazoloŵera mankhwala. Mu 1993 Malaŵi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine natenga SP. Mu 2007 SP nayenso anapatsa malo LA. Poyesa m'nyumba zofufuzira, mankhwala obunthitsa plasmepsin IX ndi X asonyeza kuti kachirombo kamatsekeredwa m'selo lakale, ndipo kotulukako kamalephera kuloŵa m'latsopano.