KOBIRI LOBOOLA LA NTHAWI YA NKHONDO



M'nyumba zambiri muli kacitini m'mene agogo anasungamo tinthu tao, ndipo pakati pa mabatani ndi mikanda mumapezeka kobiri lakuda, loboola pakati. Mdzukulu akaliona amafunsa kuti, "Kodi limeneli angaligule ndalama zingati?" Tisanayankhe funsoli, tiyeni tione kumene kobirilo linacokera.

Ndalama za Southern Rhodesia zinayamba m'caka ca 1932. Anali kuzisula ku London, ndipo zinali kuyenda m'maiko onse atatu, Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Kobiri loboola linadza mu 1934, ndipo poyamba linali loyera, popeza linapangidwa ndi mkuwa wosanganiza ndi citsulo cochedwa nikelo. Makobiri 12 anali kukwana sheleni, ndipo masheleni 20 anali kukwana paundi.

Mu 1939 kunabuka nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Anyamata a ku Nyasaland analowa usilikari wa King's African Rifles, nakamenya nkhondo ku Abyssinia mu 1941, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944. Koma nkhondo siidya anthu okha, imadyanso zitsulo. Nikelo anafunika kwambiri polimbitsa zida, cotero mu 1942 anamcotsa m'kobiri, nayamba kusula kobiri lofiira, limene limada likakhalitsa. Ndico cifukwa cace makobiri a 1942 alipo a mitundu iwiri, oyera ndi ofiira. Ndalama za siliva, monga tiki, sikisipensi ndi sheleni, nazonso zinalawa nkhondo. Kale mwa magawo 1,000 a ndalama, 925 anali siliva. Kuyambira 1944 siliva anatsala theka lokha, ndipo pofika 1947 munalibenso siliva konse.

Tsopano tengani kobiri lanu, mukhale nalo poyera. Coyamba, werengani caka. Ngati caka cinafufutika, musataye mtima. Kobiri lofiira lokhala ndi duwa ndi cisoti cacifumu, lolembedwa GEORGE VI KING EMPEROR, linasulidwa pakati pa 1942 ndi 1947, pakuti mau akuti EMPEROR anacotsedwa pambuyo pa ufulu wa India. Koma mukaonapo njobvu ziwiri, dziwani kuti limenelo si la nkhondo ai. Nla citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba kusula ndalama zace mu 1955.

Caciwiri, onani m'mene lathera. Ndalama imayamba kutha pa malo otumphuka: pa kobiri, pa cisoti ndi pa masamba a duwa, pa sheleni, pa tsitsi la mfumu ndi pa mbalame ya ku Zimbabwe iri kuseri. Anthu osonkhanitsa ndalama zakale amafuna imene mizera yace yonse ikuoneka ngati yacoka kwa wosula dzulo. Yosalala, yopindika kapena yodyeka ndi ndere amaipatsa mtengo wocepa.

Cacitatu, musalitsuke. Ambiri amakwecha ndalama ndi phulusa, mcenga kapena ndimu kuti iwale, osadziwa kuti akuiononga. Wogula wodziwa amaona zikande msanga, ndipo amakonda ndalama yakuda yosakhudzidwa koposa yowala yokwechedwa.

Nanga mtengo? Ndinene mosabisa. Makobiri a nkhondo anasulidwa ocuruka zedi, ndipo lotha silingamlemeretse munthu. Tiki kapena sheleni ya 1946 kapena ya m'mbuyo mwace iri ndi mtengo wa siliva amene ali m'kati, ngakhale itatha. Cenjerani ndi mphekesera zakuti ndalama zakale ziri ndi mankhwala obisika a mtengo wapatari, ndipo munthu akakuuzani kuti muyambe mwalipira kuti akupezereni wogula, msiyeni apite.

Komabe kobiri losalala lisanyozedwe. Linasalala cifukwa linagwira nchito. Linadutsa m'manja mwa msilikari wobwera ku Burma, mwa mai wogula mcere pa msika, mwina ndi mwa munthu wofuna cimanga pa njala ya 1949. Kenaka linatha mphamvu yogulira, ndipo ndalama za mapaundi zinasiyidwa: Zambia anatenga kwacha mu 1968, Rhodesia dola mu 1970, Malawi kwacha mu 1971. Lero latsala ngati mboni.

Cotero likulungeni m'kapepala kouma, mulembepo dzina la amene analisunga ndi mudzi wao. Ngati agogo akali moyo, afunseni cimene kobiri limodzi linali kugula pa masiku ao, mulembenso cimeneco. Pepalalo ndi kobirilo zikakhala pamodzi, adzukulu anu adzapeza cinthu cimene wogula sangathe kulipira.

Tsalani bwino.