Kope la mkombaphala ndi mbiri ya ku Bandawe



Sabata yatha kunabwera mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa mu Fomu 3. Lero ndi mayi wa ana awiri, ndiponso ndi mlezi pa sukulu ina ya mkombaphala kufupi ndi Chintheche. Anabwera ndi kope la zimene amaphunzitsa ana, nati, "Aphunzitsi, tationerani ngati zili bwino. Makolo akudandaula kuti ana sakulankhula Chingerezi." M'kopemo munali masewera, nyimbo za Chitonga, kuwerengera ndi timiyala ndi nthawi ya phala. Poti ine ndi wa mbiri yakale, ndinayamba ndadzifunsa kumene dandaulo la makololi linachokera.

Ine ndikuti linachokera ku Bandawe. Mu 1881 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, anasamuka ku Cape Maclear n'kudzakhazikika kuno kwa Atonga, ndipo Atonga sanachedwe kuilandira sukulu. Laws atatsegula sukulu yapamwamba ku Khondowe mu 1894, anyamata anzeru a m'mphepete mwa nyanja muno ankakwera phiri kukapitiriza maphunziro. Wodziwa Chingerezi ankakapeza ntchito ya ukalaliki ku Salisbury, ku Bulawayo kapena ku Johannesburg. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anadutsa njira yomweyi. Ndiye musawaseke makolo aja. Agogo awo anaona ndi maso kuti Chingerezi chimabweretsa malata padenga.

Oyeza maphunziro ochokera kunja nawo sanayambe lero. Mu 1924 kunabwera nthumwi za Phelps-Stokes, zimene zinkalimbikitsa ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja m'sukulu za Aafirika, ndipo mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro. Koma zonsezi zinali za ana a kupulaimale. Kamwana ka zaka 4 silabasi yake inali agogo ndi nthano. Sukulu za mmera mpoyamba zoyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi zinayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la UNICEF, ndipo ndondomeko ya boma yokhudza ana aang'onowa inatuluka mu 2003.

Chimene ambiri a ife sitinachimve n'chakuti boma lathu la Nkhata Bay linali nawo pa kafukufuku wamkulu woyeza sukulu zimenezi. Kuyambira mu 2011, akatswiri a World Bank pamodzi ndi boma anatsatira sukulu 199 m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo. Zonse zinalandira zidole ndi zipangizo zophunzitsira. Pa zina alezi anaphunzitsidwanso ntchito, pa zina anawaonjezera kandalama ka pamwezi, ndipo pa zina makolo nawonso ankasonkhana kuphunzira kusewera ndi kucheza ndi ana awo kunyumba. Patatha miyezi 18, alezi ophunzitsidwa aja ankayendetsadi bwino makalasi, koma ana amene anaposa anzawo pa chilankhulo ndi pa kakhalidwe ndi anzawo anali a gulu lokhalo limene makolo anaphunzitsidwa nawo. Chondiwawa ine n'chakuti pofika miyezi 36 kusiyana kuja kunali kutazimiririka. Apa n'kuti ambiri mwa anawo atalowa pulaimale, ndipo inu amene munaphunzitsapo Sitandade 1 mukudziwa kuchuluka kwa ana amene mphunzitsi mmodzi amalimbana nawo kumeneko.

Choncho kope la mtsikana uja sindinalilembe ndi cholembera chofiira. Nyimbo za Chitonga ndinamuuza azisiye momwemo, pakuti mwana amayamba kuganiza m'chilankhulo cha amayi ake. Ndinangomupempha kuti aitane makolo aja kamodzi pamwezi, adzakhale pamphasa n'kuona zimene ana akuchita, komanso kuti akacheze ndi aphunzitsi a Sitandade 1 amene adzalandire anawo. Iye anavomera, koma anati choyamba n'chakuti ufa wa phala watha, ndipo tsiku lopanda phala ana amabwera ochepa. Komiti ikumana Loweruka, ndipo andipempha kuti ndikakhalepo.